Makampani a tekinoloje angatukule bwanji miyoyo ya anthu m'dziko lolumikizanali?

Pa 14 Malichi 2024, zingwe zinayi za intaneti zodutsa pansi pa nyanja zinaduka kufupi ndi gombe la Côte d'Ivoire. Pasanathe tsiku, anthu ku Ghana, Nigeria, Liberia ndi mayiko oyandikana nawo anali akulephera kutumiza ndalama kudzera kubanki, ntchito m'maofesi ambiri inaima, ndipo vutoli linamveka mpaka ku South Africa. Mu Meyi chaka chomwecho zingwe za EASSy ndi SEACOM nazo zinaduka, Tanzania, Kenya ndi Uganda n'kukumana ndi zomwezo. Anthu ambiri ndi pamene anadziwa kuti malipiro awo, malonda awo ndi maphunziro a ana awo zikudalira zipangizo zimene eni ake ndi makampani, ndipo ambiri mwa makampaniwo ali kutsidya kwa nyanja.

Zotere zikachitika mkangano suchedwa kubuka. Ena amati makampani a tekinoloje abweretsa chitukuko chimene maboma analephera kubweretsa. Ena amati amangokolola ndalama ndi zinsinsi za anthu n'kuwasiyira mavuto. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni wake. Chimene chimasowa pa mkanganowu ndi kufotokoza njira imene thandizo limadutsa kuti lifike kwa munthu wamba, ndi malo amene limatayikira. Tikatsata zimene zachitika m'zaka 20 zapitazi, tikuona kuti mphatso zimene kampani imapereka pamaso pa atolankhani zimasintha zochepa. Chimasintha zambiri ndi mmene ikuyendetsera ntchito imene imaipezetsa ndalama: imagulitsa pa mtengo wanji, m'chinenero chanji, antchito imawalipira bwanji, msonkho imaupereka kuti.

Makampani ake ndi ati?

Pali oyala zingwe ndi kuimika nsanja za netiweki, monga MTN, Vodafone ndi Orange. Pali opanga mafoni ndi makompyuta, monga Samsung, Apple ndi Transsion, mwini wa Tecno ndi Itel. Pali eni mabwalo a pa intaneti pomwe anthu amachezerana, kufufuza zinthu ndi kugulitsana, monga Meta, Google, Amazon ndi Alibaba. Ndiye pali obwereketsa maseva. Seva ndi kompyuta yamphamvu yosazimitsidwa, imene imasunga deta n'kumaitumiza kwa woifuna, ndipo deta ndi chilichonse chimene makina asunga kapena kutumiza, kaya ndi mawu, chithunzi kapena manambala. Makampani akuluakulu amapezeka m'magulu angapo pakamodzi, n'chifukwa chake mphamvu zawo zimaposa za makampani wamba.

Kulumikizana kwa mayiko kumaoneka bwino tikayang'ana foni imodzi. Ikhoza kulinganizidwa ku America, batire yake n'kukhala ndi miyala ya kobati yokumbidwa ku Democratic Republic of Congo, kachipangizo kake kowerengera zinthu kotchedwa chip n'kupangidwa ku Taiwan, ziwalo zonse n'kulumikizidwa ku China, India kapena Vietnam, foniyo n'kugulitsidwa ku Brazil, phindu lake n'kukalembedwa m'mabuku a ofesi ya ku Ireland. Dziko lililonse pa ulendowu lili ndi malamulo ake, ndipo palibe boma limodzi limene likuuona wonse. Kampani yokha ndiyo imauona kuyambira kumgodi mpaka kwa wogula. Mwayi wake wothandiza umachokera pamenepa, mpata wake wozemba udindo umachokeranso pomwepa.

Chingwe, nsanja ndi foni

Deta yoposa 95 peresenti yoyenda pakati pa makontinenti imadutsa m'zingwe za pansi pa nyanja, osati pa setilaiti monga ambiri amaganizira. M'kati mwa chingwe muli timaulusi ta galasi tonyamula uthenga pogwiritsa ntchito kuwala. M'madzi akuya chingwecho n'chonenepa masentimita pafupifupi awiri okha. Kufupi ndi gombe amachikuta ndi waya wachitsulo n'kuchikwirira, chifukwa zingwe zambiri zimadulidwa ndi maukonde a asodzi ndi anangula a sitima. Pa makilomita 50 mpaka 100 alionse pamakhala chipangizo chowonjezera mphamvu ya kuwalako. Chingwe chikaduka, sitima yapadera imapita pamalopo, kukoka nsonga ziwirizo, kuzilumikiza n'kuzibwezera pansi. Ntchitoyi imatenga masabata, popeza sitima zoterezi n'zochepa padziko lonse.

Gombe la kum'mawa kwa Africa linalibe chingwe chotere mpaka 2009 pamene SEACOM inafika, EASSy n'kutsatira mu 2010. Akatswiri a zachuma Jonas Hjort ndi Jonas Poulsen, mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2019, anayerekeza madera a mu Africa amene analumikizidwa ku zingwe zotere ndi amene sanalumikizidwe, ndipo anapeza kuti kumene intaneti yothamanga inafika, anthu opeza ntchito anachuluka. Masiku ano eni mabwalo a pa intaneti nawo akuyala zingwe zawo. Google ili ndi Equiano, chochokera ku Portugal kukafika ku South Africa, chotulukiranso ku Togo, Nigeria ndi Namibia. Meta ndi makampani ena ali ndi 2Africa, cha makilomita 45,000, chokonzedwa kuti chifike m'mayiko 33. Zingwe zikachuluka mtengo wachipiku wa intaneti umatsika, ndipo chimodzi chikaduka deta imapeza kolowera.

Komabe chingwe chili ngati msewu waukulu wa tala: ukhoza kudutsa pafupi, munthu n'kulephera kuyendapo chifukwa alibe chokwera. Bungwe la United Nations loona za mauthenga la ITU linati mu 2024 anthu pafupifupi 2.6 biliyoni, gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu onse, sankagwiritsa ntchito intaneti. Bungwe la makampani a mafoni la GSMA linaunika nkhaniyi mwa njira ina, ndipo zimene linapeza n'zofunika kuzimvetsa. Poona intaneti ya pafoni yokha, okhala kumene netiweki siifika anali pafupifupi 350 miliyoni, pomwe okhala kumene netiweki ilipo koma osaigwiritsa ntchito anali pafupifupi 3.1 biliyoni. Choncho vuto lalikulu lachoka pa nsanja, lafika pa mtengo wa foni, mtengo wa bandulo, kusowa kwa magetsi otchajira, kusadziwa kuwerenga, kuopa akuba a pa intaneti, ndi kusapezamo kanthu m'chinenero chimene munthu amamva.

Pa chilichonse mwa izi pali chimene kampani ingachite popanda kutaya phindu. Makampani awiri kapena atatu akagawana nsanja imodzi m'malo moti aliyense aimike yake, ndalama zofikira dera lakumudzi zimachepa. Nsanja yoyendera sola ndi mabatire imapewa ndalama za dizilo wa jenereta, zimene zimadya phindu la nsanja zakutali. Mapulogalamu opepuka, monga Facebook Lite ya 2015 ndi Android Go ya 2017, amayenda pa foni yotsika mtengo ndipo sadya bandulo msanga. Palinso chinthu chimene wogula sachiona: malo osinthirana deta, otchedwa IXP. Popanda malo amenewa, uthenga wa anthu awiri a mumzinda umodzi koma a manetiweki osiyana ukhoza kupita kaye ku Europe n'kubwerera, ndipo ulendo umenewo umalipiridwa. Makampani akalumikizana pa IXP, ndipo Google kapena Netflix akaikapo maseva osunga makanema oonedwa kawirikawiri, deta imayenda mtunda waufupi, mofulumira ndiponso motchipa. Muyeso umene komiti ya United Nations yoona za intaneti inakhazikitsa ndi woti bandulo yoyambira isapose 2 peresenti ya zimene munthu amapeza pamwezi.

Mafoni ogulitsidwa pangongole, monga a M-KOPA imene inayambira ku Kenya, athandiza anthu amene sangalipire pakamodzi. Wogula amapereka kangachepe koyamba, kenako amalipira tsiku ndi tsiku, akalephera foni imadzitseka mpaka alipire. Chovuta chake n'chakuti akamaliza amakhala atapereka zoposa mtengo wa foniyo, ndiponso foni imatseka pa tsiku limene ndalama zasowa, lomwe nthawi zambiri ndi tsiku la matenda kapena vuto lina lofunikira foni. Kampani yosamala imanena poyera ndalama zonse zimene munthu adzalipire, ndipo imasiya mpata woimbira manambala a zadzidzidzi ngakhale foni itatsekedwa.

Ndalama za pafoni: chifukwa chake zinagwira kwina, kwina n'kukanika

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi M-Pesa, imene Safaricom ndi Vodafone anakhazikitsa ku Kenya mu Malichi 2007. Poiyesa koyamba, cholinga chinali chakuti anthu azibwezera ngongole zing'onozing'ono pafoni. Oyesawo anaona kuti anthu ayamba kuigwiritsa ntchito potumizirana ndalama, ndipo anasintha cholinga kuti chitsate zimene anthu ankachita kale.

Luso la mu M-Pesa silinali lapamwamba. Inkayenda pa foni ya mabatani, popanda intaneti. Chimene chinali chovuta kumanga ndi gulu la maejenti. Ejenti amayamba waika ndalama zake ku akaunti ya kampani, n'kulandira ndalama za pafoni zofanana nazo, zimene pa ntchitoyi amazitcha fuloti. Kasitomala akabwera kudzaika ndalama, ejenti amalandira ndalama zogwirika n'kumutumizira za pafoni, fuloti yake n'kuchepa. Wina akabwera kudzatapa, zimachitika mobwerera. Vuto limabwera chifukwa ndalama zimayenda mbali imodzi: m'tauni anthu amaika, kumudzi amatapa. Ejenti wa m'tauni fuloti imamuthera, wa kumudzi ndalama zogwirika zimamuthera, ndipo kasitomala wobwezedwa kawiri kapena katatu sabweranso. N'chifukwa chake pamafunika maejenti akuluakulu ndi mabanki osinthira ejenti fuloti ndi ndalama tsiku lililonse, komanso komishoni yokwanira kuti ejenti asasiye. Chachiwiri ndi chitetezo: ndalama iliyonse ya pafoni iyenera kukhala ndi inzake yeniyeni yosungidwa kubanki, mu akaunti imene kampani siingaigwiritse ntchito pa zake. Banki yaikulu ya Kenya inalola ntchitoyi kuyamba pa mfundo zoterezi, malamulo athunthu asanalembedwe.

Mu 2016 Tavneet Suri ndi William Jack anafalitsa kafukufuku m'magazini ya Science wonena kuti M-Pesa inathandiza mabanja pafupifupi 194,000, kapena 2 peresenti ya mabanja a ku Kenya, kutuluka mu umphawi wadzaoneni, makamaka mabanja otsogoleredwa ndi amayi. Akatswiri ena anatsutsa njira imene nambalayi inapezedwera, ndipo mtsutsowo ulipobe. Chimene ambiri amavomereza n'chakuti banja likagwa m'vuto, thandizo la achibale akutali limafika tsiku lomwelo. Koma dzina lomwelo la M-Pesa litapita ku South Africa mu 2010, silinaphule kanthu ndipo kampani ya mafoni ya Vodacom, imene inkaiyendetsa, inaitseka mu 2016. Kumeneko anthu ambiri anali kale ndi maakaunti kubanki, maejenti anali ochepa, malamulo anali okhwima. Pulogalamu inali yofanana, malo ndiwo anasiyana.

Pa ndalama zowoloka malire ndi pamene pali ntchito yaikulu yotsala. Malinga ndi World Bank, kutumiza madola 200 kudziko lina kumadya pafupifupi 6 peresenti, ndipo kutumiza ku mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kumadya pafupi ndi 8 peresenti. Cholinga cha United Nations n'chakuti pofika 2030 zitsike kufika pa 3 peresenti. Pa madola 200, kusiyana kwa 8 ndi 3 peresenti ndi madola 10 otsalira banja pa ulendo uliwonse. Mbali ina ya mtengowu imabisika mu mtengo wosinthira ndalama, moti kampani ikhoza kulengeza kuti kutumiza n'kwaulere koma n'kudyera pa kusinthako. Kuonetsa ziwiri zonsezi munthu asanatumize ndi thandizo lenileni. Thandizo lina ndi kulola manetiweki osiyana kutumizirana. India ndi Brazil anatenga njira yoti boma kapena mabanki amange njira imodzi ya onse, UPI mu 2016 ndi Pix mu 2020, makampani n'kumapikisana popereka mapulogalamu oyenda pa njirayo.

Njira yomweyo yofikitsa ndalama mosavuta inafikitsanso katapila pafoni. Mapulogalamu ena a ngongole ankakopera manambala onse a m'foni ya wobwereka, akachedwa kubweza n'kumatumizira achibale ndi abwana ake mauthenga omuchititsa manyazi. Kenya inaika obwereketsa oterewa pansi pa banki yaikulu mu 2022, ndipo Google inaletsa mapulogalamu a ngongole kutenga manambala ndi zithunzi za m'foni mu 2023.

Zaumoyo ndi sayansi

Ku Rwanda, kampani ya Zipline inayamba mu Okutobala 2016 kunyamula magazi pa madroni, tindege topanda woyendetsa, kuchokera ku Muhanga kupita ku zipatala zakutali. Magazi sasungika kwa nthawi yaitali: maselo ofiira amatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, pomwe tizigawo tothandiza magazi kuundana timangotha masiku pafupifupi asanu. Chipatala chaching'ono chikasunga ambiri amaonongeka, chikasunga ochepa mayi wotaya magazi pobereka amamwalira. Magazi akasungidwa pamalo amodzi, chipatala chimaitanitsa pafoni, droni n'kuuluka pa liwiro la makilomita pafupifupi 100 pa ola n'kugwetsa kabokosi ndi parachuti. Chimene chinakhalitsa ntchitoyi n'chakuti boma limalipira ndipo inalowa mu dongosolo la unduna wa zaumoyo. Ghana inatsatira mu 2019.

Pa sayansi, DeepMind ya Google inapanga AlphaFold, pulogalamu yolosera maonekedwe a mapuloteni, chinthu chimene kale chinkatenga miyezi kapena zaka mu labotale. Mu 2022 inaika poyera maonekedwe oposa 200 miliyoni kuti aliyense awaone kwaulere, ndipo Demis Hassabis ndi John Jumper analandira nawo mphoto ya Nobel mu 2024. Wofufuza matenda amene makampani a mankhwala sawalabadira chifukwa odwala ake ndi osauka tsopano ali ndi poyambira.

Pamene zolinga zabwino sizinakwanire

Ntchito ya One Laptop per Child, imene Nicholas Negroponte analengeza mu 2005, inalonjeza laputopu ya madola 100 kwa mwana aliyense. Peru inagula zoposa 800,000. Kafukufuku wa Inter-American Development Bank m'sukulu 319 zakumudzi anapeza kuti patatha miyezi 15 ana anadziwa kugwiritsa ntchito kompyuta, koma masamu ndi kuwerenga sizinasinthe. Aphunzitsi sanakonzekeretsedwe mokwanira, sukulu zambiri zinalibe intaneti, ndipo makinawo sanalumikizidwe ndi zimene ana ankaphunzira m'kalasi. Loon, ntchito ya kampani yaikulu ya Google youlutsa zibaluni zopereka netiweki, inayamba kutumikira ku Kenya mu 2020 koma mu Januwale 2021 kunalengezedwa kuti itsekedwa, eni ake atavomereza kuti mtengo wake sunatsike mokwanira kuti ntchitoyo idziimire.

Free Basics ya Facebook ndi nkhani ina. Inkalola anthu kutsegula mawebusaiti osankhidwa popanda bandulo. Oichirikiza ankati intaneti yochepa iposa kusowa konse. Oitsutsa ankati kampani imodzi siyenera kusankhira osauka zimene angaone, ndiponso kuti makampani ang'onoang'ono sangapikisane ndi chinthu chaulere. Bungwe loyang'anira za mauthenga ku India la TRAI linagwirizana ndi otsutsa, ndipo mu Febuluwale 2016 linaletsa kulipiritsa mitengo yosiyana potengera webusaiti. Mayiko ena anailola.

Chinenero ndi zimene zikufalitsidwa

Padziko pali zinenero pafupifupi 7,000, koma pafupifupi theka la mawebusaiti lili m'Chingelezi. Google Translate inawonjezera Chichewa mu Disembala 2014, Meta inatulutsa pulogalamu yomasulira zinenero 200 mu 2022, ndipo Google inawonjezera zina 110 mu 2024. Mapulogalamuwa ndi a gulu la AI, makina ophunzira ntchito poona zitsanzo zochuluka m'malo mouzidwa chochita pa sitepe iliyonse. Zitsanzo zikachepa kapena zikatsamira mbali imodzi, zolakwa zimatsamiranso komweko. Mu 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu a makampani atatu ozindikira nkhope. Pa amuna akhungu loyera zolakwa sizinapose 0.8 peresenti, pa akazi akhungu lakuda zinafika 34.7 peresenti. Makampaniwo atakonza zitsanzo zawo, kusiyanaku kunachepa, zimene zikusonyeza kuti vutoli linali lotheka kulipewa kuyambira pachiyambi akanayesa pa anthu amitundu yonse.

Kusalabadira chinenero kukhoza kuphetsa anthu. Zimene munthu amaona pa bwalo la pa intaneti zimasankhidwa ndi algorizimu, ndondomeko ya malangizo imene kompyuta imatsata posankha. Ikauzidwa kukweza zimene anthu akuyankhapo kwambiri, imakweza zokwiyitsa, pakuti mkwiyo ndi umene umachititsa anthu kuyankha. Ku Myanmar, kumene kwa anthu ambiri Facebook inali intaneti yonse, mauthenga a chidani otsutsa anthu a mtundu wa Rohingya anafala kwa zaka, kampaniyo ili ndi anthu ochepa kwambiri odziwa chinenero cha kumeneko. Panalinso vuto la kalembedwe: mafoni ambiri ankagwiritsa ntchito zilembo za Zawgyi m'malo mwa Unicode, njira imene makompyuta a padziko lonse amagwirizana, moti makina ofufuza mawu oipa ankavutika kuwerenga. Mu 2017 a Rohingya oposa 700,000 anathawira ku Bangladesh. Ofufuza a United Nations anatchula Facebook mu lipoti lawo la 2018, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kampaniyo inavomereza kuti sinachite zokwanira.

Phunziro la ntchito ndi lomveka: kampani isatsegule msika m'chinenero chimene ilibe anthu ochimva, odziwa miyambi, zining'a ndi mayina onyoza amene makina sangawazindikire. Kusintha kapangidwe ka pulogalamu kumathandizanso popanda kuwerenga mauthenga a munthu. Mphekesera zitaphetsa anthu ku India, WhatsApp inaika malire mu 2018 oti uthenga utumizidwe kwa anthu kapena magulu asanu okha pakamodzi, n'kufikitsa lamuloli padziko lonse mu 2019. Mu 2020 inachepetsanso kufika pa mmodzi kwa mauthenga otumizidwa kambirimbiri, ndipo inati kufala kwa mauthenga oterewa kunatsika ndi 70 peresenti. Funso la amene ayenera kugamula zoyenera kuchotsedwa likadali lovuta. Kusiyira kampani kumaipatsa mphamvu pa zolankhula za anthu, kusiyira boma kumapereka chida kwa olamulira amene safuna kudzudzulidwa.

Pa deta ya anthu, lamulo la European Union la GDPR, loyamba kugwira ntchito mu Meyi 2018, limafuna kuti kampani itenge deta yokhayo imene ikufunika, inene chimene ikuitengera, ndipo iifufute mwini wake akapempha. Chindapusa chikhoza kufika 4 peresenti ya ndalama zonse zimene kampani yapeza pachaka padziko lonse. Kampani ikhoza kupereka chitetezo chomwecho kwa anthu a m'mayiko amene alibe lamulo lotere, ndipo kutero sikufuna luso latsopano, popeza njira yake inamangidwa kale.

Anthu amene saoneka pa sikirini

Pafupifupi 70 peresenti ya kobati wa padziko lonse amachokera ku Democratic Republic of Congo, ndipo lipoti la Amnesty International la 2016 linasonyeza ana akugwira ntchito m'migodi yokumba pamanja. Kampani ikangosiya kugula kwa okumba pamanja, mbiri yake imayera koma mabanja odalira ntchitoyo amatsala padzuwa. Njira yovuta koma yothandiza ndi kutsata miyala kuyambira kumgodi mpaka kofulira, kulipirira zipangizo zodzitetezera, ndi kulola ofufuza odziimira paokha kufika osalengeza.

Makina a AI nawo ali ndi antchito awo obisika, olemba zizindikiro pa zithunzi ndi mawu kuti makina aphunzire, komanso oona zithunzi zoopsa tsiku lonse kuti ena asazione. Mu Januwale 2023 magazini ya TIME inalemba kuti antchito a ku Kenya amene ankathandiza OpenAI, kampani yopanga makina a AI, kudzera mu kampani ya Sama ankalandira zosakwana madola awiri pa ola. Ntchito zoterezi zimafunidwa kumene ntchito n'zosowa, koma kampani yopereka kontirakiti ndi imene ili ndi mphamvu yolemba mu kontirakitiyo malipiro, maola, uphungu wa maganizo ndi ufulu wolowa m'bungwe la antchito. Mfundo za United Nations za 2011 pa malonda ndi ufulu wa anthu zimati udindo wa kampani umafika kwa amene ikuwapatsa ntchito kudzera mwa ena.

Zipangizo zikatha ntchito zimasanduka zinyalala: matani 62 miliyoni mu 2022, ndipo 22.3 peresenti yokha ndi imene inalembedwa kuti inasonkhanitsidwa n'kukonzedwanso moyenera. Foni zambiri zimatayidwa chifukwa batire yafooka kapena kampani yasiya kutumiza zokonza pulogalamu. Google ndi Samsung analonjeza zaka 7 za zokonzazi pa mafoni awo apamwamba, koma phindu lake lidzakula lonjezo lotere likafika pa mafoni otchipa, amene ndiwo ochuluka. Nyumba zosungira maseva nazo zinadya pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi a padziko lonse mu 2024, malinga ndi bungwe loona za magetsi ndi mafuta la International Energy Agency, ndipo bungweli likuyembekeza kuti magetsi amene zimadya adzawirikiza kawiri pofika 2030. Kampani yomanga nyumba yotere kumene magetsi ndi madzi n'zopereweza iyenera kubwera ndi magetsi atsopano, osati kulanda alipowo.

Msonkho

Sukulu, zipatala ndi magetsi zimene tekinoloje imadalira zimamangidwa ndi msonkho, ndipo apa ndi pamene kulumikizana kwa mayiko kwasiya dzenje lalikulu. Malamulo a msonkho wa pakati pa mayiko anayalidwa zaka pafupifupi 100 zapitazo pa mfundo yakuti dziko limadula msonkho pa phindu la kampani yakunja ngati kampaniyo ili ndi ofesi kapena fakitale m'dzikomo. Kampani ya pa intaneti ikhoza kugulitsa malo otsatsira malonda kwa anthu mamiliyoni popanda ngakhale chipinda chimodzi. Ikakhala ndi nthambi, pali njira ina. Tiyerekeze kuti nthambi yapeza madola 100. Ikulipira madola 90 kwa nthambi inzake ya m'dziko la msonkho wotsika, ati chifukwa chogwiritsa ntchito dzina ndi mapulogalamu a kampani. Phindu lotsala loti lidulidwe msonkho ndi madola 10 okha. Zambiri mwa izi n'zololedwa ndi malamulo, ngakhale zina zimakathera kukhoti: mu Seputembala 2024 khoti lalikulu la European Union linagamula kuti Apple ibweze mayuro 13 biliyoni ku Ireland.

Mu Okutobala 2021 mayiko 136, motsogozedwa ndi OECD, bungwe loona za chuma limene mamembala ake ambiri ndi mayiko olemera, anagwirizana kuti makampani opeza mayuro oposa 750 miliyoni pachaka azilipira msonkho wosachepera 15 peresenti kulikonse kumene alemba phindu. Phindu likadulidwa 5 peresenti kwina, 10 yotsalayo imatoleredwa ndi dziko lina. Mayiko osauka anadandaula kuti yotsalayo imapita kumene kuli likulu la kampani, pokhapokha dziko lopezekamo phindulo litakhazikitsa lamulo lake loitolera. European Union inayamba kutsata mgwirizanowu mu 2024, koma mu Januwale 2025 boma la America linati silikumangidwa nawo. Mayiko ena anaika msonkho wawo pa ndalama zonse zimene makampani a pa intaneti amapeza m'dzikomo, monga France ndi 3 peresenti mu 2019. Otsutsa amati msonkho wotere kampani imangoukankhira kwa ogula, ndipo America imauona ngati wolimbana ndi makampani ake.

Chimene kampani ingachite yokha, osadikira mgwirizano, ndi kulemba malonda m'dziko limene achitikira ndi kufalitsa poyera, dziko ndi dziko, ndalama zimene yapeza, antchito amene ili nawo ndi msonkho umene yalipira. Vodafone yakhala ikufalitsa lipoti lotere kwa zaka zingapo. Pa mbali ya maboma, msonkhano waukulu wa United Nations unavomereza kumapeto kwa 2023 pempho limene Nigeria inapereka m'malo mwa mayiko a mu Africa, loti malamulo a msonkho akambidwe pa bwalo limene dziko lililonse lili ndi voti. Zokambiranazo zinayamba mu 2025, America inatulukamo pa chiyambi pomwe, ndipo zikuyembekezeka kutha mu 2027. Imodzi mwa nkhani zoyamba pa ndandanda wake ndi msonkho wa ntchito zogulitsidwa kuwoloka malire kudzera pa intaneti.